Ulendo wa ku Quito mu Ogasiti: kodi ndondomeko iyi ndi yotheka kwa anthu achikulire?

A Mhango, Katoto:

Ndikupereka moni kwa nonse. Ine ndi mayi a kunyumba taitanidwa ndi mwana wathu wamkazi, amene akugwira ntchito m'dziko la Ecuador, kuti tikamuone m'mwezi wa Ogasiti. Iyeyo amakhala kugombe la nyanja ya Pacific, koma wakonza zodzatichingamira ku Quito, likulu la dzikolo, kuti tikayambe taona mzindawo tisanatsikire kumene amakhala. Ndondomeko imene watitumizira ikuti tikafika usiku, m'mawa mwake tikakwera timagalimoto toyenda pa chingwe topita pamwamba pa phiri la Pichincha, tsiku lotsatira tikapita ku phiri la Cotopaxi, ndipo matchalitchi akale ndi misika tikaziona kumapeto ngati nthawi itatsala.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi kukwera kwa malowo. Ndaphunzitsa jogalafe mpaka kupuma pa ntchito, choncho ndikudziwa kuti Quito ili pa mamita 2,850 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, pamene Mzuzu ili pa mamita pafupifupi 1,250, koma buku la sukulu silinena chimene kusiyana kumeneku kumachita m'chifuwa mwa munthu wopitirira zaka 60. Mwana wathu akuti tisade nkhawa chifukwa ndife anthu a kumapiri ozolowera kuzizira, ndiponso ku Nyika tinapitako osamva vuto lililonse. Mayi a kunyumba amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Ndikupempha amene munafikako, kapena amene mumadziwa za umoyo, kuti mutiuze ngati ndondomekoyi ili bwino, malo amene sayenera kutiphonya mumzindamo, njira ya ndege yosavutitsa, ndiponso mtundu wa ndalama zimene tiyenera kunyamula.

Mayi NyaGondwe, Luwinga:

Aphunzitsi, mwachita bwino kufunsa nthawi ikadalipo. Ine ndimagwira ntchito ya chipatala, choncho ndiyankha za thupi zokha, zinazo ndisiyira anzathu. Malo amene mwana wanu wasankha ndi abwino, koma wawasanja chobwerera: amene waika kumapeto ndiwo ayenera kukhala oyamba, ndipo mapiri ayenera kudikira.

Zoti ndinu ozolowera kuzizira sizikuthandizani kumeneko, chifukwa chimene chimadwalitsa munthu pamalo okwera si kuzizira ayi, koma kuchepa kwa okosijeni amene amalowa m'magazi akapuma. Munthu akamakwera, mpweya umanka nupepuka, moti ku Quito kupuma kumodzi kumabweretsa pafupifupi magawo 7 mwa magawo 10 a okosijeni amene munthu amapeza m'mphepete mwa nyanja yamchere. Kumene timagalimoto ta pachingwe timakatsitsa anthu, pafupi ndi mamita 4,000, magawowo amatsika kufika pa 6. Matenda a pamalo okwera amayamba kuoneka kawirikawiri munthu akagona kupitirira mamita 2,500, ndipo ku Chelinda, kumene alendo a ku Nyika amagona, sikufika pa mlingo umenewo, kuwonjezera apo munapitako pa galimoto, mukukwera pang'onopang'ono kudzera ku Rumphi. Nsonga ya Nganda, yomwe ndi yaitali kuposa zonse ku Nyika, ili pa mamita pafupifupi 2,600. Izi zikutanthauza kuti ku Quito mukagona pamalo okwera kuposa malo alionse a chigawo chathu cha kumpoto, ndipo padzangotsala mamita 150 kuti mufanane ndi Sapitwa wa ku Mulanje.

Thupi limazolowera lokha, koma limafuna nthawi. Poyamba munthu amapuma mofulumira ndipo mtima umagunda kwambiri, kenaka impso zimasintha magazi kuti agwirizane ndi kapumidwe katsopanoko, ndipo ntchito imeneyi imatenga masiku awiri kapena atatu. Zizindikiro zoti thupi likuvutika zimayamba pakadutsa maola 6 mpaka 12 chifikireni: kupweteka kwa mutu, mseru, kusafuna chakudya, chizungulire, kufooka ndi kusowa tulo. Eni dziko amatcha vutoli soroche, ndipo ndilo dzina limene mungatchule ku hotelo kapena kogulitsa mankhwala. Ngati mufika usiku monga mwanenera, ndiye kuti zizindikirozi zidzayamba m'mawa womwewo umene mwana wanu akufuna kukukwezani mamita enanso oposa 1,000. Nyonga sizitchinjiriza munthu ku vutoli, ndipo achinyamata amphamvu amadwalanso chifukwa safuna kudekha.

Masiku awiri oyamba muziyenda pang'onopang'ono, muzimwa madzi okwanira, muzidya mopepuka, ndipo mupewe mowa ndi mapiritsi ogonetsa, chifukwa zonsezi zimachepetsa kapumidwe munthu akagona. Mutu wamba umamva panado, koma lamulo ndi lakuti mutu ukadali kupweteka munthu sakwera kupitirira pamene ali. Wina akayamba kubanika ali chikhalire, kutsokomola makhololo a thovu, kudzandira poyenda kapena kusokonezeka maganizo, ndiye kuti madzi alowa m'mapapo kapena ubongo watupa, ndipo apite kuchipatala nthawi yomweyo osadikira kucha. Nambala ya zangozi m'dziko lonselo ndi 911. Bwalo la ndege la Mariscal Sucre lili ku Tababela, kum'mawa kwa mzinda, pa mamita pafupifupi 2,400, ndipo madera a Tumbaco ndi Cumbayá, amene ali pakati pa bwalolo ndi mzinda, nawonso ndi otsikirapo. Kwa anthu a msinkhu wanu, kugona usiku woyamba m'chigwa chimenecho ndi nzeru yabwino.

Za mayi, kuthamanga kwa magazi kumatha kukwera masiku oyamba, choncho akaonane ndi dokotala wawo ulendo usanafike, anyamule mankhwala m'chikwama cha m'manja pamodzi ndi pepala la dokotala, ndipo ngati muli ndi kamakina koyezera musakasiye. Alipo mankhwala otchedwa acetazolamide amene amafulumizitsa thupi kuzolowera, koma amakodzetsa, monganso amachitira mapiritsi ena a kuthamanga kwa magazi, ndiye musagule nokha dokotala asanaone zimene mayi akumwa kale.

Pali zinthu ziwiri zimene zimakhudza ife Amalawi koma mabuku a alendo a ku Ulaya sazitchula. Choyamba ndi sickle cell. Anthu ambiri kuno ali ndi mbewu ya matendawa m'magazi osadziwa, chifukwa siiwadwalitsa ali kunsi, koma pamalo ochepa okosijeni magazi otere amatha kutseka mitsempha ya kapamba. Kuyezetsa n'kosavuta, ndipo ululu waukulu kumanzere kwa mimba, pansi pa nthiti, ndi chifukwa chokwanira chothamangira kuchipatala. Chachiwiri ndi malungo. Ku Quito kulibe malungo, koma inu mukhoza kunyamuka nawo kuno asanaonekere. Matenda a pamalo okwera satenthetsa thupi kwenikweni, choncho thupi likatentha muuze dokotala wa kumeneko momveka bwino kuti mwachokera ku Malawi ndipo mukufuna kuyezedwa malungo, chifukwa payekha sangafulumire kuwaganizira.

A Banda, Chibavi:

Ndikugwirizana ndi Mayi NyaGondwe, ndipo ndionjezere kuti kutembenuza ndondomekoyo sikukuluzitsani kanthu, chifukwa chimene Quito imaposa nacho mizinda ina si mapiri koma mzinda wake wakale. Ine ndinafikako pa ntchito ya khofi, ndipo ndinaona kuti mapiri a Andes munthu akhoza kuwaona m'maiko angapo, koma misewu yakale yosungika bwino chotere ndi yosowa. Asipanishi anakhazikitsa mzindawo pa 6 Disembala 1534, motsogozedwa ndi Sebastián de Benalcázar, pamalo amene panali kale mudzi wa eni nthaka, ndipo mu 1978 bungwe la UNESCO litatulutsa mndandanda wake woyamba wa malo a chuma cha dziko lonse, Quito inali pomwepo pamodzi ndi Kraków wa ku Poland.

Yambirani pa Plaza Grande, bwalo limene lazunguliridwa ndi nyumba ya boma ya Carondelet, tchalitchi chachikulu cha mzindawo ndi nyumba ya akibishopu. Pali mabenchi ndi mitengo, achikulire a mumzindamo amakhalapo tsiku lonse, ndipo kwa munthu amene akudikira kuti thupi lizolowere palibenso malo ena oposa pamenepo. Kuchoka apo ndi pafupi kukafika ku La Compañía, tchalitchi cha ansembe a Chijezwiti chimene chinayamba kumangidwa mu 1605 n'kutha mu 1765. M'kati mwake, makoma, nsanamira ndi denga zonse zinakutidwa ndi golide wopsapsala. Ine ndine wa mpingo umene makoma ake timangopaka laimu, choncho ndinalowamo ndi mtima wokayika, koma luso la osema matabwa a kumeneko silitsutsika. Chimene chinandikhala m'maganizo n'chakuti ntchito yambiri inagwiridwa ndi manja a eni nthaka amene analandidwa dziko, ndipo munthu woyang'anitsitsa amapeza dzuwa ndi zomera za kwawo zitalowetsedwa pakati pa zithunzi za oyera mtima. Tchalitchi cha San Francisco, chimene chinayambidwa zaka zochepa mzinda utangokhazikitsidwa, ndi chachikulu koposa, ndipo bwalo lake la miyala ndi lotakasuka.

Chenjezo langa ndi lakuti mzindawo unamangidwa m'mbali mwa phiri, moti msewu umene pa mapu ukuoneka waufupi ukhoza kukhala chitunda chotopetsa. Basílica del Voto Nacional, imene inayamba kumangidwa mu 1892 ndipo Papa Yohane Paulo Wachiwiri anaidalitsa mu 1985, zaka zinayi asanabwere kuno ku Malawi, ili pamtunda wotere. Pitaniko pa takisi kenaka mutsike wapansi. Kunja kwake anasemako akamba, abuluzi akuluakulu ndi mbalame za m'dzikomo m'malo mwa zilombo zimene zimasemedwa pa matchalitchi a ku Ulaya. Nsanja zake zimakwereka, koma kumapeto kwake ndi makwerero achitsulo opapatiza, ndipo sindingawalimbikitse mayi kuti ayese. Ku El Panecillo, kaphiri kamene pali chifanizo chachikulu cha Maria wokhala ndi mapiko, mzinda wonse umaoneka bwino, koma aliyense kumeneko adzakuuzani kuti musakwere wapansi chifukwa pa masitepe ake pamachitika umbava.

Mayendedwe anaphweka kuyambira mu Disembala 2023 pamene sitima ya pansi pa nthaka inatsegulidwa. Ili ndi masiteshoni 15 kuchokera ku Quitumbe kum'mwera kukafika ku El Labrador kumpoto, ndipo imodzi ili pansi pa bwalo la San Francisco penipeni. Mzindawo ndi wautali koma wopapatiza, wopanikizika pakati pa phiri ndi chigwa, choncho sitima imodziyo imafika m'madera ambiri amene mlendo angafune. Usiku gwiritsani ntchito takisi yoitanidwa ndi a hotelo.

Chakudya sichidzakuvutani, chifukwa ndi anthu a chimanga, mbatatesi, nyemba ndi nkhumba. Pa masiku oyambawo funani locro de papa, supu ya mbatatesi yothira tchizi ndi peyala, imene imakhutitsa koma siilemetsa m'mimba. Mote ndi chimanga chochotsedwa gaga chophikidwa mpaka kufufuma, ndipo chimadyedwa ndi hornado, nkhumba yootcha yathunthu, kapena fritada, nkhumba yokazinga m'mafuta ake omwe. Mbira nazonso amadya, amazitcha cuy, koma ndi ndiwo ya pa chikondwerero ndipo mtengo wake ndi wokwera. M'malesitilanti ang'onoang'ono masana amagulitsa almuerzo, chakudya cha mtengo umodzi chokhala ndi supu, mpunga ndi ndiwo, ndi madzi a zipatso, ndipo ndicho chotsika mtengo kuposa zonse. Nsima musaiyembekezere. Madzi amawira pa madigiri pafupifupi 90 chifukwa cha kukwera kwa malo, ndiye tiyi amazizira msanga, ndipo kwa ife a khofi zimenezi zimasintha ngakhale kakomedwe ka kapu. Canelazo, chakumwa chotentha cha sinamoni chimene amagulitsa madzulo mumsewu wa La Ronda, chimathiridwa kachasu wa nzimbe, choncho nenani ngati mukufuna chopanda mowa.

Za chitetezo ndinene mosabisa. Mu Januwale 2024 pulezidenti Daniel Noboa analengeza kuti boma lili pa nkhondo ndi magulu a zigawenga a mankhwala ozunguza bongo, ndipo chiwawa chambiri chakhala chikuchitika kugombe, makamaka ku Guayaquil ndi ku Esmeraldas, moti gawo lachiwiri la ulendo wanu ndilo lofunika kumvera kwambiri malangizo a mwana wanu. Ku Quito vuto la mlendo ndi opisa m'matumba. Chinyengo chodziwika n'chakuti wina amakuthirani zonyansa pa malaya, mnzake n'kubwera ngati wachifundo wodzakupukutani, wachitatu n'kunyamula chikwama. Zikachitika, musaime. Foni isamakhale m'manja pamsewu, ndipo pasipoti isiyeni ku hotelo n'kuyenda ndi fotokope yake.

Ku Mitad del Mundo, kumene kuli chipilala cha ikweta, ine sindikuona chifukwa chopitirako. Ndi malo ogulitsa zikumbutso, ndipo mzere wachikasu umene anthu amajambulitsirapo zithunzi suli pa ikweta penipeni. Tsiku limenelo kuli bwino mupite ku msika wa Otavalo, ulendo wa maola awiri kumpoto, makamaka Loweruka, mukaone nsalu ndi majuzi olukidwa ndi anthu a mtundu wa Kichwa.

Mayi Kamanga, Chibanja:

Ine ndiyankha za ndege ndi ndalama, popeza ntchito yanga ndi yogula matikiti a anthu. Kuchokera ku bwalo la Kamuzu ku Lilongwe njira zenizeni ndi ziwiri. Yoyamba ndi ya ku Ulaya: mupite ku Nairobi kapena ku Johannesburg, mukwere yopita ku Amsterdam, kumene KLM ili ndi ndege yolunjika ku Quito, monganso Iberia kuchokera ku Madrid. Yachiwiri ndi yodutsa nyanja ya Atlantic chakum'mwera, kuchokera ku Addis Ababa kapena ku Johannesburg kupita ku São Paulo, kenaka kulumikiza kudzera ku Bogotá, Lima kapena Panama City. Njira ya kum'mwera imakhala ndi kusinthasintha ndege kwambiri, ndipo kwa anthu achikulire ine ndingasankhe ya Amsterdam ngakhale itakwererapo mtengo. Tikiti yonse ikhale imodzi, kuti ndege ina ikachedwa kampani ikhale ndi udindo wokupezerani ina, ndiponso kuti katundu wanu apitirire yekha.

Pewani tikiti yodutsa ku United States ngakhale ioneke yotsika mtengo pa intaneti, chifukwa kumeneko ngakhale wongosintha ndege amafunika viza. Pewaninso yodutsa motsatizana m'mabwalo awiri a maiko a Schengen, gulu la maiko a ku Ulaya amene amagwiritsa ntchito viza imodzi, mwachitsanzo Paris kenaka Madrid, chifukwa ndege ya pakati pa mizinda iwiriyo imatengedwa ngati ya m'dziko limodzi ndipo pamafunika viza ya Schengen. Mndandanda wa maiko amene nzika zake zimafunika viza yolowera ku Ecuador wasinthidwa kangapo m'zaka zapitazi, ndipo maiko ambiri a mu Africa anaonjezedwapo, choncho mwana wanu akafunse ku unduna wa zakunja wa kumeneko n'kukutumizirani yankho lolembedwa musanalipire tikiti. Pasipoti ikhale yotsala ndi miyezi yosachepera 6.

Khadi lachikasu la katemera wa yellow fever limatha kufunsidwa ngati mwadutsa m'maiko amene matendawa amapezeka, monga Kenya, Ethiopia ndi Brazil, ndipo limayamba kugwira ntchito pakadutsa masiku 10 chibayitsireni. Kwa anthu opitirira zaka 60 amene sanabayitsepo, katemerayu amafuna kuti dokotala ayambe waunika, ndipo akaona kuti ndi wosayenera amalemba kalata yokukhululukirani. Musaiwalenso inshulansi ya zaumoyo ya pa ulendo.

Ecuador inasiya ndalama yake, sucre, m'chaka cha 2000 n'kuyamba kugwiritsa ntchito dola ya ku America, choncho kusintha n'kumodzi kokha, kuchoka pa kwacha kupita pa dola. Vuto ndi lathu lomwe lija la kusowa kwa ndalama zakunja, ndiye pitani ku banki msanga ndi tikiti ndi pasipoti, musadikire sabata yonyamuka. Pemphani mapepala a madola 5, 10 ndi 20 osang'ambika, chifukwa a 50 ndi 100 amakanidwa m'masitolo ambiri ndi m'matakisi. Dola imodzi kumeneko imayenda kwambiri ngati ndalama yachitsulo, choncho musadabwe akakupatsani chenji chotere. Magetsi awo ndi a mavoti 120 ndipo masoketi ndi a timano tiwiri tophwatalala, ndiye mufunika adaputala ya tchaja. Nthawi yawo ili m'mbuyo ndi maola 7, kutanthauza kuti usiku woyamba tulo tidzakutherani pakati pa usiku, ndipo chimenechi ndi chifukwa chinanso chosakwerera phiri m'mawa mwake.

A Mhango, Katoto:

Ndathokoza kwambiri nonse atatu. Ndamutumizira mwana wathu zimene mwalemba, ndipo wavomera kuti tiyambe ndi mzinda wakale, phiri libwere pambuyo. Za kuyezetsa sickle cell ndi za katemera tazikonzera tsiku lokaonana ndi dokotala wa mayi.

Koma a Banda, mundikhululukire, pa nkhani ya ikweta sindikugonjerani. Munthu amene wajambula mzere umenewu ndi choko pamaso pa ana a Fomu 1 chaka ndi chaka sangafike pa mtunda wa ola limodzi kuchokera pamene uli n'kubwerera osauona, ngakhale chipilalacho chitaphonya. Ngati alipo amene akudziwa chifukwa chake chinaphonya, ndiponso ngati alipo malo ena amene ali pa mzere weniweni, andiuze. Ndikufunsanso za nyengo ya mu Ogasiti kuti tidziwe zovala zonyamula, ndiponso ngati ulendo wa ku Cotopaxi tiuchotseretu kapena pali njira yolionera phirilo popanda kudzizunza.

Wophunzira wanu wakale, Mchengautuwa:

Aphunzitsi anga, ine ndi mmodzi wa ana a Fomu 1 amene mukunenawo, ndipo lero ndimagwira ntchito yoyeza malo, choncho pa nkhani iyi ndili mbali yanu. A Banda anena zoona kuti malowo ndi a malonda, koma chipilalacho sichikumbutsa mzere wokha ayi, chikukumbutsa ntchito imodzi yaikulu m'mbiri ya luso lathu.

Mu 1736 kunafika ku Quito gulu la akatswiri otumidwa kuchokera ku France, Louis Godin, Pierre Bouguer ndi Charles Marie de La Condamine, pamodzi ndi asilikali awiri a pamadzi a ku Spain, Jorge Juan ndi Antonio de Ulloa. Nthawi imeneyo panali mkangano wokhudza maonekedwe a dziko lapansi. Otsatira Isaac Newton ankati ndi lophwatalala pang'ono kumpoto ndi kum'mwera ndipo ndi lotupa pakati, pamene otsatira banja la Cassini ku Paris ankati ndi lotalika cham'mwamba. Njira yothetsera mkanganowo inali kuyeza kutalika kwa digiri imodzi ya latitude (muyeso woonetsa kutalikirana kwa malo ndi ikweta) pafupi ndi ikweta n'kuyerekeza ndi digiri imodzi ya kumpoto kwenikweni, ndipo gulu lina linatumidwa ku Lapland, kumpoto kwenikweni kwa Ulaya, kukachita chimodzimodzi. A ku Quito anayeza mtunda umodzi pachigwa mosamala kwambiri, kenaka n'kumanga mndandanda wa mathirayango kuchokera phiri lina kupita phiri lina kutsika chakum'mwera mpaka ku dera la Cuenca, akugona m'mahema pa nsonga zozizira kudikira kuti mitambo ichoke, ndipo ntchitoyo inawatengera zaka zambiri. Zotsatira zinaonetsa kuti Newton ndiye ankanena zoona. Kutupa kumeneku ndiko kumachititsa kuti nsonga ya Chimborazo, phiri lalitali koposa la Ecuador, ikhale malo atali kwambiri kuchokera pakatikati pa dziko lapansi, kuposa ngakhale Everest.

Chipilala chimene chilipo lero, chotalika mamita 30, chinamangidwa pakati pa 1979 ndi 1982, GPS isanafike m'manja mwa anthu wamba, ndipo ikweta yeniyeni imadutsa mamita pafupifupi 240 kumpoto kwake. Kwa woyeza malo kuphonya kotere n'kwakukulu, koma tikaganiza kuti dziko lonse kulizungulira ndi makilomita 40,000, si chinthu chonyozera malowo. Foni yanu yomwe ikhoza kukuonetsani pamene latitude ikufika pa ziro. Zimene ndikukupemphani kuti musabwere nazo kwa ana a kuno ndi zionetsero zimene amachitira alendo kumeneko ponena kuti ndi mphamvu ya ikweta, za madzi ozungulira m'beseni mbali zosiyana ndi za dzira loima pa msomali. Mphamvu ya kuzungulira kwa dziko ndi yochepa kwambiri moti singalamule madzi a m'beseni, chimene chimawazunguza ndi mathiridwe a woonetsayo, ndipo dzira likhoza kuima pa msomali ngakhale ku Katoto. Ngati mukufuna malo oyezedwa bwino, pafupi ndi tauni ya Cayambe pali wotchi yaikulu ya dzuwa yotchedwa Quitsato imene ili pa mzere weniweni, ndipo ili m'njira yopita ku Otavalo, choncho uphungu wa a Banda ndi khumbo lanu zikhoza kukwaniritsidwa tsiku limodzi. Mitad del Mundo nayo ili pamalo otsikirapo kuposa Quito, ndiye ikuyenera masiku oyamba amene Mayi NyaGondwe akuti musakwere. Dzuwa limaima pamutu penipeni kumeneko mu Malichi ndi mu Sepitembala, choncho mu Ogasiti mthunzi wa masana udzakhalapobe pang'ono, monganso kuno ku Mzuzu umangosowa chakumapeto kwa Okutobala ndi chapakati pa Febuluwale.

Mwezi mwasankha bwino, chifukwa kuyambira Juni mpaka Sepitembala ndi nyengo yopanda mvula yambiri, kumwamba kumayera ndipo kumaomba mphepo. Masana kutentha kumafika madigiri pafupifupi 20, usiku kumatsika kufika pa 10 kapena kucheperapo, ndipo nyumba zambiri zilibe chotenthetsera. Tsiku limodzi limayamba ngati m'mawa wa Juni ku Chikangawa, pofika masana n'kuotcha khungu ngati dzuwa la Okutobala, ndiye valani zovala zosanjikiza zimene mungavule ndi kuvalanso: malaya, juzi ndi jekete yotchinga mphepo. Chipewa, magalasi a dzuwa ndi mafuta oteteza khungu ndi zofunika ngakhale kwa ife akhungu lakuda, chifukwa pamalo okwera chotere pa ikweta cheza cha dzuwa ndi champhamvu ngakhale kukuzizira. Pa 10 Ogasiti ndi tchuthi chokumbukira kuukira ulamuliro wa Spain kumene kunayambira mumzindamo mu 1809, ndipo mahotelo a mumzinda wakale amadzaza msanga m'masiku amenewo.

Cotopaxi ndi phiri lophulika lotalika mamita 5,897, lili makilomita pafupifupi 50 kum'mwera kwa Quito, ndipo likadali lamoyo, pakuti linatulutsa phulusa mu 2015 ndiponso mu 2022 mpaka 2023. Magalimoto a alendo amafika pa mamita pafupifupi 4,500, kuchoka apo anthu amakwera wapansi m'mchenga wotitimira kupita ku kanyumba ka José Rivas, kamene kali kupitirira mamita 4,800. Gawo limenelo lichotseni. Ngati timagalimoto ta pachingwe takuyenderani bwino, popanda mutu kapena kubanika, mukhoza kupita tsiku lina mpaka ku kanyanja ka Limpiopungo, pa mamita pafupifupi 3,800, kumene njira yoyendamo ndi yosalala ndipo phiri lonse limaoneka kutsogolo kwanu. Ngati pachingwe mwavutika, Cotopaxi muionere pomwepo, chifukwa kukayera imaoneka bwino kuchokera ku Cruz Loma, kumene timagalimototo timakatsitsa anthu, pamodzi ndi mapiri a Cayambe ndi Antisana. Kulikonse mwa malo awiriwa pitani m'mawa, chifukwa mitambo imayamba kuphimba nsonga masana asanakwane, ndipo mwana wanu aone uthenga wa Instituto Geofísico, bungwe loyang'anira mapiri ophulika, wonena za phirilo usiku woti mawa lake mukupita.